Akuti maselo anga ndi okalamba kuposa ine

Pa tsiku langa lobadwa achemwali anandipatsa kabokosi koyezera ma telomere. M'katimo munali kasingano kobayira chala ndi kapepala kodontheza magazi. Ndinadzibaya chala chapakati, magazi kukana kutuluka mpaka nditachifinya, kenako ndinatumiza kapepalako ku kampani yomwe inapanga kabokosiko. Patatha milungu itatu imelo inafika: ine wa zaka 47, ma telomere anga akuti ndi a munthu wa zaka 58. Usiku umenewo sindinaone tulo.

Ma telomere ndi tizigawo ta DNA tomwe timateteza nsonga za ma chromosome (timaulusi tosunga chibadwa chathu m'maselo), zilembo za DNA za TTAGGG zobwerezedwa kambirimbiri. Selo likagawikana amafupikako pang'ono, mpaka selolo limasiya kugawikana. Si nkhambakamwa ayi: Elizabeth Blackburn, Carol Greider ndi Jack Szostak analandira mphoto ya Nobel mu 2009 chifukwa cha nkhani imeneyi.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi kafukufuku wa Richard Cawthon wa mu 2003. Iye anayeza magazi a anthu 143 a ku Utah, ku America, a zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo a ma telomere afupiafupi ankamwalira msanga, makamaka ndi matenda a mtima ndi opatsirana. Koma nditawerenga mofatsa ndinaona kuti zimenezi zikunena za gulu, osati za ine ndekha. Ana awiri obadwa tsiku limodzi amasiyana kale kutalika kwa ma telomere akadali makanda. Komanso njira ya qPCR, yomwe makampani ambiri amayezera, imatha kutulutsa manambala osiyana pa magazi omwewo akapita ku labotale ina.

Nanga aataliwo ndiye mwayi? Ayi ndithu. Obadwa nawo aatali ali pachiopsezo chokulirapo cha khansa zina, monga melanoma ya pakhungu ndi glioma ya mu ubongo. Scott Kelly, woyenda m'mlengalenga wa ku America, atakhala masiku 340 m'mlengalenga ma telomere ake anatalika, atangotera pansi anafupikanso pasanathe masiku awiri. Kodi tinene kuti bamboyo anabwerera ku unyamata ali kumwambako?

Sabata yatha kampani ija inatumizanso imelo, yotsatsa mapilisi otalikitsa ma telomere. Ndinaifufuta osaimaliza n'komwe. Achemwali, omwe ali ndi zaka 52, ataimba foni kufunsa kuti zatuluka bwanji, ndinawauza kuti kuyambira lero wamkulu ndine, azindipatsa moni mwaulemu.