Masamba ogwetsedwa dala ku Helshoogte

Za msewu wochoka ku Cape Town kukafika ku Stellenbosch, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, palibe chokamba. Nkhani ili pa Helshoogte, pomwe msewu wa R310 umakwera phiri kulowera cha ku Franschhoek. Mukaima pamenepo mu November mumaona antchito ali m'mizere ya mphesa, akuthothola masamba obiriwira bwinobwino n'kumawataya pansi. Mlendo amaganiza kuti akuwononga mbewu, chonsecho akuteteza zipatso kuti zisadzawole mu February.

Mdani wake ndi nkhungu yotuwa, ija ya chuku, yotchedwa Botrytis. Imalowa nthawi ya maluwa, n'kubisala m'zinyalala za maluwa zotsalira mkati mwa tsango, kenaka imadikira. Mphesa zikayamba kufewa ndi kutsekemera, tsango n'kukhala lonyowa maola ngati 15 kutentha kuli pakati pa madigiri 15 ndi 20, kuwola kumabuka. Mitundu ya matsango othinana, monga Chenin Blanc ndi Sauvignon Blanc, ndiyo imavutika kwambiri chifukwa chipatso chimodzi chikang'ambika chimapatsira zinzake zonse.

Ntchito imayamba kale mu September ndi October. Mphukira zikafika masentimita 10 mpaka 30, zosafunika amazichotsa, pafundo iliyonse n'kusiyapo ziwiri zokha. Amene analimapo fodya aidziwa ntchito imeneyi. Zotsalazo amaziimika pakati pa mawaya kuti zisagwerane. Masamba amachotsa zipatso zikangogwira, zisanapitirire kukula kwa nsawawa, ndipo sachotsa paliponse ayi: limodzi kapena awiri oyang'anizana ndi tsango, mbali yomwe kumawomba dzuwa lam'mawa. Mbali ya kumadzulo amaisiya yophimbika, poti dzuwa lamasana la mu January limawaula mphesa. Wochedwa, amene amavundukula matsango atayamba kale kupsa, amawotcha zipatso zomwe zinazolowera mthunzi.

Phindu lake n'loti mame amauma msanga, ndipo mphepo yakum'mwera chakum'mawa, ija amaitcha Cape Doctor, imadutsa mpaka mkati. Mankhwala opopera nawo amafika patsango, makamaka aja opopera matsango asanatsekeke. Kupopera munda wowirira n'kutaya ndalama, mankhwala amangothera pamasamba akunja.

Koma pali minda ina yomwe ngakhale muli pamsewu mumaona kuti mwini wake anachita kudzipalira yekha. Feteleza wa nayitrojeni wambiri, madzi othirira osaleka, mpesa n'kusanduka thengo. Akadula nsonga, nthambi zam'mbali zimaphuka n'kutsekanso pomwe antchito anatsegula. Pamenepo vuto lili m'nthaka, kuthothola masamba sikungalithetse.

Chondinyansa n'chakuti m'nyumba zolawiramo vinyo zimenezi sazitchula. Mumalipira kuti mulawe timatambula tingapo, wina n'kumakuuzani za fungo la mapichesi ndi za a Simon van der Stel omwe anakhazikitsa tawuni ya Stellenbosch mu 1679, koma za anthu owerama padzuwa kuyambira m'mamawa, zii. Ndiye ngati mukupita, pemphani kuti akulowetseni m'munda momwemo, ena amalola mukafunsiratu. Pitani m'mawa, mutenge chipewa ndi madzi akumwa, ndipo kayendedwe mukonzeretu, chifukwa minda yambiri ili kutali ndi pokwerera mateksi ndipo Uber yobwerera imavuta kupeza mukalowa mkati.