Anayang'ana m'mutu kuti adziwe za msana

Lachiwiri usiku. Mwana wagona, bambo ake apita kuntchito, ine ndatsala ndi kachithunzi ka sikani patebulopa. Ndakayang'ana mpaka maso kuwawa.

Usiku wathawu sindinaone tulo. M'mawa ndinamwa madzi monga anandiuzira, n'kukwera basi, kunja kukuzizira kuposa June wa ku Dedza. Mimbayi yakwana masabata 12 ndi masiku anayi. Chifukwa cha mbiri yanga, azamba a kuno ku England ananditumiza kwa madokotala oona za ana osabadwa.

Amene mumawerenga kuno mukudziwa kuti mwana wanga woyamba anabadwira ku Blantyre ali ndi chotupa kumsana, spina bifida. Kusikelo ndinayamba mimba ili ndi miyezi isanu, ndipo za chotupacho tinadziwira m'chipinda choberekera. Anamuchita opaleshoni ya msana, kenako anamuika kapaipi kochotsa madzi m'mutu. Lero ali ndi zaka 7, amayenda ndi ndodo, ndipo pakamwa pake sipatseka.

Mayi wojambulayo anandipaka jelo wozizira nayamba kuyeza. Kuchokera kumutu mpaka kumatako, mamilimita 61. Kamtima kakugunda mothamanga. Ine ndinkadikira kuti afike kumsana, koma iwo anangokhazikika pamutu, uku akukulitsa chithunzi, uku akudikira kuti khandalo ligone chammbali. Thukuta linatuluka m'manja. "Pepani adokotala, bwanji msana simukuuyang'ana?"

Anatembenuzira sikirini kwa ine. Akuti pa msinkhu uwu timafupa ta msana n'tating'ono kwambiri moti bowo likhoza kubisala. Koma msana ukakhala wotseguka, madzi ozungulira ubongo amatayikira pabowopo, ndipo ubongo wa kunkhongo umakokekera pansi. Ndiye mutu ndi umene umaulula. Anandilozera timizere tiwiri toyera, pakati pake kampata kakuda kamadzi, kuseri kwa tsinde la ubongo. Kampatako ndi kachipinda kachinayi ka ubongo, pa sikani amati intracranial translucency. Mwa ana ambiri a msana wotseguka kamafinyika kapena kusowa kumene, tsinde lija n'kuoneka lonenepa. Kathu kanalipo, kakuda bii, koonekeratu. Anayeza kukula kwa tsindelo, nayezanso mtunda wochokera pamenepo kukafika pa fupa la nkhongo. Tsinde linali locheperapo, mmene ziyenera kukhalira. Ndinangoona misozi yalowa m'makutu, poti ndinali chigonere chagada.

Njirayi si yakale. Inalembedwa mu 2009 ndi Rabih Chaoui wa ku Berlin, Kypros Nicolaides wa ku London ndi anzawo. Chimene chandisangalatsa n'choti sipafunika makina ena. Amaonera pa chithunzi chomwe chija choyezera madzi a kumbuyo kwa khosi pofufuza vuto lobadwa nalo lotchedwa Down syndrome, mimba ili ndi masabata 11 mpaka 13. Kupanda apo, ambiri amadziwa pa sikani ya masabata 20, mutu ukaoneka ngati ndimu, ubongo wakumbuyo utapindika ngati nthochi.

Adokotala sanandipake mafuta pakamwa. Anati chizindikiro chabwino si chitsimikizo, msana weniweniwo adzauonanso pa masabata 16 ndi 20. Nditafunsa kuti zikanavuta tikanatani, anati alipo ana amene amawatseka msana ali m'mimba momwemo, asanakwane masabata 26, choncho kudziwa msanga kumapatsa banja nthawi yoganiza ndi kukonzeka.

M'basi pobwerera ndinkangoganiza za mapilitsi. Msana wa mwana umatsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi, ambirife tisanadziwe n'komwe kuti taima. Ulendo uno mapilitsi a folic acid, othandiza kuti msanawo utsekeke bwino, ndinayamba miyezi itatu ndisanaime, mamiligalamu 5 tsiku lililonse, pomwe amayi ena amamwa mamayikologalamu 400 okha, osakwana n'komwe theka la miligalamu. Pa mimba yoyamba ija ndinawalandira kusikelo msana utapangika kalekale. Palibe anandiuzapo, ndipo zimandiwawabe.

Ndinawaimbira amayi pa WhatsApp. "Amayi, zaoneka bwino." Anakhala chete, kenako anati, "Tiye tipemphere mwanawe," foni ili kukhutu.

Madzulo ndinamuonetsa mtsikana wanga kachithunzi. Anafunsa ngati msana wa khandalo uli ngati wake. Ndinati adokotala akuganiza kuti ayi, koma adzaonanso. Anakayang'anitsitsa, nati, "Akadzakhala ngati ine musadzalire amami, ndidzamuphunzitsa ndine kuyenda ndi ndodo."