Bedi Langa Laloza Kukhomo

Lachitatu usiku, ku Guangzhou, m'dziko la China.

Amayi eni nyumba anabwera masana kudzawerenga mita ya madzi, ntchito imene nthawi zonse amaichita mofulumira n'kumapita, koma lero anangoima pakhomo, maso ali pabedi langa, nkhope itakwinyika. Anandifunsa ngati ndakhala ndikugona choncho kuyambira pamene ndinalowa m'nyumbayi, ndipo nditavomera anapukusa mutu, naika kabuku kawo pafiriji, n'kuyamba kundilalatira mwachikondi m'Chitchaina chothamanga chimene ndinamvapo pang'ono chabe. Zotsalazo tinazimalizira pa foni, iwo akulankhula, foniyo ikumasulira.

Mlandu wanga unali wakuti mapazi anga amaloza kukhomo ndikagona. Anati kwawo kuno munthu amene amagonekedwa motero ndi womwalira, chifukwa mtembo umatuluka m'nyumba mapazi ali patsogolo, ndipo munthu wamoyo, makamaka wophunzira amene makolo ake ali kutali, sayenera kudziyala ngati akudikira omunyamula. "Mwana wanga," anatero, "feng shui ya chipinda chino ndi yoipa, ndipo waiipitsa ndiwe." Feng shui ndi mwambo wa Atchaina wa kamangidwe ka nyumba ndi kaikidwe ka katundu kuti wokhalamo akhale ndi mwayi ndi thanzi.

Ndiyenera kufotokoza mmene chipindachi chilili kuti vuto lake limveke. Ndi chipinda chimodzi chokha, m'nyumba zothithikana zija zimene zinamangidwa pamene panali midzi mzinda usanaimeze, moti ndikatsegula zenera ndikhoza kugwira khoma la nyumba ya aneba. Ukalowa, bafa ndi chimbudzi zili kumanzere, ndipo kumanja kuli kashelefu kokhala ndi sinki ndi stovu ya magetsi. Zenera lili moyang'anizana ndi khomo. Pamalo otsalawo ndiye pali bedi, wadiropu ya galasi, tebulo lowerengera, mpando ndi masutikesi anga. Ine ndinaika bedi pamene linakwana, mutu uli pansi pa zenera, ndipo sindinaganizepo kuti pangakhale lamulo pa nkhani imeneyi.

Malamulo alipo, ndipo ndi ambiri. Loyamba limene anandiuza ndi lakuti mutu wa bedi uyenera kutsamira khoma lolimba, lopanda zenera, kuti wogonayo akhale ndi phiri kumbuyo kwake. Pamenepa ndinawamva msanga, chifukwa tinaphunzira m'kalasi za nyumba yachifumu ya ku Beijing, Forbidden City, imene inamalizidwa mu 1420: imayang'ana kummwera, ndipo kumpoto kwake kuli phiri la Jingshan, limene anthu anachita kuunjika ndi dothi lofukulidwa m'ngalande zozungulira nyumbayo. Mfumu inachita kupangiridwa phiri kuti ikhale yotetezedwa kumsana, ndipo amayiwa amafuna kuti khoma lindichitire ine zomwezo. Lachiwiri ndi lakuti wogona aziona khomo koma asalunjikane nalo. Anawonjezera kuti khomo ndi zenera zikayang'anizana, mpweya wopatsa moyo umene iwo amautcha qi umangolowa n'kutulukira mbali inayo osakhazikika, ndipo ndalama nazo zimatero. Pa mfundo ya ndalamayi ndinaseka, iwo sanaseke.

Kenako tinayamba kuzungulira makoma, ndipo apa ndi pamene mtima wanga unayamba kuwawa. Khoma la zenera analikana kale. Khoma la kumanzere ndi la chimbudzi, ndipo anati mutu wa munthu sungagundane ndi malo otaya zonyansa. Khoma la kumanja lili ndi stovu, ndipo kugona pafupi ndi moto kumautsa mkwiyo ndi matenda. Titapeza kampata kumapeto kwa khoma lomwelo, kutali pang'ono ndi stovu, anakweza maso n'kuona mtanda wa simenti umene umadutsa kudenga, nati umenewo udzandipsinja pachifuwa ndili m'tulo. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, Amayi, nanga ndigone pati, popeza nyumbayi munamanga ndinu? Anayankha kuti inamangidwa ndi apongozi awo pa nthawi imene aliyense ankangofuna zipinda zambiri zochititsa lendi, ndipo palibe anaitana katswiri wa feng shui kudzayeza ndi kampasi yake.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti sindingawatsutse pa zonse. Ndinakulira m'banja lopemphera, kumene nkhani za mphamvu zobisika zoyenda m'nyumba sitinkazipatsa mpata, ndipo poyamba ndinamva ngati akundiuza kuti ndikhwimitse chipinda. Koma nditayang'ana lamulo lililonse palokha, ndinapeza kuti ambiri ali ndi nzeru ya munthu amene wakhala nthawi yaitali m'nyumba zazing'ono. Mutu ukakhala pansi pa zenera, phokoso la njinga zamoto ndi fungo la mafuta okazingira a aneba zimafikira pankhope. Khoma la chimbudzi ndi limene limayamba kuchita thukuta m'miyezi ya Malichi ndi Epulo, pamene mphepo yachinyezi ya kummwera imabwerera kuno, makoma n'kumadontha madzi, zovala n'kuchita chuku, ndipo mapaipi a anthu a pamwamba amalira momwemo usiku wonse. Kugona ukuona khomo nakonso kumakhazika mtima pansi, makamaka kudziko la eni. Zimenezi ndikuzivomereza popanda kukhulupirira qi. Koma za mtanda wopsinja chifuwa ndi za ndalama zothawira pazenera ndikuziona ngati mantha chabe amene anavekedwa chovala cha lamulo.

Galasi la pawadiropu linatitengera nthawi yaitali kuposa zonse. Anati siliyenera kuyang'ana bedi, chifukwa munthu akadzidzimuka usiku n'kudziona yekha mumdima mzimu wake umanjenjemera. Ine galasi limenelo ndimalikonda, pakuti ndi lokhalo limene limabweza kuwala kochepa kolowa pazenera n'kuchititsa chipindachi kuoneka chotakasuka. Iwo anati ndiliphimbe ndi nsalu usiku. Pa sinki ndi stovu anati madzi ndi moto zayandikana mopitirira, ndipo mankhwala ake ndi kuika chamtengo pakati, kaya thabwa lodulirapo ndiwo kaya kamtengo ka mumphika, chifukwa pa zinthu zisanu zija zimene amawerenga, mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, madzi amadyetsa mtengo ndipo mtengo umadyetsa moto. Limenelo ndinalichita pomwepo, popeza thabwa ndinali nalo kale ndipo silinandilande malo.

Ali mkati mokoka wadiropu anandiuza kuti ali mtsikana, m'zaka za chipwirikiti cha ndale ku China chotchedwa Cultural Revolution, kuyambira 1966 mpaka 1976, zinthu zimenezi zinkatchedwa zikhulupiriro zachikale zoyenera kuthetsedwa, ndipo bambo awo ankazinena monong'ona. Anati ku Hong Kong sizinasiyidwe, ndipo anatchula nsanja ya Bank of China, imene anthu anaidandaula kuti ngodya zake zakuthwa zikucheka nyumba zoyandikana nayo. Atanena za bambo awowo ndinasiya kutsutsa. Ndinaona kuti sakundigulitsa kanthu, akungondipatsa chimene iwo anachisunga movutikira, ndipo ndinachita manyazi ndi kuseka kwanga kuja.

Komabe chipinda ndi changa, ndipo lendi ndimalipira ndine. Tebulo lowerengera ndinaliika pambali pa zenera kuti ndizipeza kuwala, zimene zikutanthauza kuti ndikakhala pampando khomo limakhala kumsana kwanga. Amayiwa anati munthu wokhala choncho amadyedwa miseche ndi anzake osadziwa, ndipo akufuna tebulolo litembenuke kuti ndiziyang'ana kukhomo. Likatembenuka, mpando utsekereza njira ya pakati, ndipo ndiziwerenga mumthunzi wa mutu wanga womwe. Pamenepa ndinakana, ndipo anangoti ndiganizire bwino.

Pomaliza bedi tinalipingasa, mutu unatsamira khoma la kumanja, mtanda uja ukudutsa pamwamba pa mawondo m'malo mwa chifuwa, zimene anati n'zopiririka. Wadiropu tinaiimika pakati pa bedi ndi khomo kuti ikhale chotchinga, galasi likuyang'ana kukhitchini. Atachoka ndinapeza kuti masutikesi alibenso pokhala, chifukwa pansi pa bedi analetsanso kusungapo katundu, ndipo soketi yokhayo imene ndimatchajirapo foni ndi kompyuta yabisika kuseri kwa wadiropu. Ndinaganiza zobwezera zonse mmene zinalili, koma tsopano ndikangolingalira zogona mapazi ataloza kukhomo, chithunzi cha onyamula maliro chija chimandibwerera, ngakhale kuti m'mawa wa lero lomwe ndinadzuka motero ndili bwinobwino. Zimenezi zikundikwiyitsa kwambiri kuposa kusowa kwa soketi.

Anena kuti abweranso Loweruka ndi amuna awo kudzapachika katani pakati pa khomo ndi zenera, komanso kudzaonanso nkhani ya tebulo. Sindinawauze kuti chitseko cha bafa tsopano chikugunda wadiropu ndipo chikungotseguka theka.