Mmene tinayendera ulendo wokakumbukira mayi athu aja

Anzanga a pagulu pano, makamaka inu amene munalephera kupita chifukwa cha ma duty, ndati ndilembe mmene tinayendera pa 5 May paja, tsiku lokumbukira azamba padziko lonse. Paja tinasankha dala tsiku limeneli kuti tikacheze ndi akubanja kwa mayi athu, mzamba amene ena mwa ife tinagwira nawo ntchito, amene anatisiya chaka chatha ali ndi zaka 91.

Tinanyamuka anthu 14 pa minibasi ya hayala, awiri mwa ife anali akuchokera ku naiti osagona nkomwe, anangovula yunifolomu nkukwera. Panjira tayala linaphwa kamodzi koma adalaivala anasintha msanga. Mgalimoto nkhani inali imodzi basi, aliyense kufotokoza tsiku lomwe anakumana nawo koyamba mu leba wodi, ndipo tonse amene tinagwira nawo ntchito tinavomerezana kuti poyamba tinkawaopa. Akakufunsa kuti mtima wa mwana wamvera nthawi yanji umayenera kutchula nthawi yeniyeni komanso ikhale yolembedwa pa patogirafu, pepala lolembapo mmene leba ikuyendera, zoti "posachedwapa" samazimva mayi aja. Ana achichepere amene analowa ntchito iwo atapuma kale amangomvetsera kukamwa yasa.

Titafika anatilandira mwana wawo woyamba, amenenso pano ndi agogo ndithu imvi zili mbuu, kumbuyo kwawo zidzukulu ndi zidzukulutudzi bwalo lonse tho. Titapatsana moni anatulutsa kasutikesi kakale komwe mayi ankasungamo zinthu zawo. Munali zithunzi, wotchi ya pachifuwa ija yomwe tonse tikuikumbukira, ndi fetoscope yamtengo, kachipangizo komvetsera mtima wa mwana ali mmimba, yoti inachita kusalala ndi manja. Kamwana kena kazaka ngati zinayi kanaitola nkuyamba kuuzira, eti kunyumbako ana amati ndi lipenga la agogo.

Apa mpamene amayi matron athu opuma aja anaitenga nkuyamba kuwalongosolera akubanja. Anati kachipangizoka anakapanga ndi dokotala wa ku France dzina lake Adolphe Pinard mu 1895 ndipo mpaka lero kakugwirabe ntchito poti sikafuna magetsi kapena batire, mbali yotakata umaika pamimba pa mayi cha pomwe pali msana wa mwana, khutu lako uku, manja uchotse, nde uziwerenga maso ali pa wotchi kwa mphindi yathunthu, mtima wa mwana amene ali bwino umagunda pakati pa 110 ndi 160. Zinangochitika kuti mpongozi wa pakhomopo ndi woyembekezera miyezi 7, ndiye tinalowa mnyumba azimayi tokhatokha, amatron anapapasa mimba, anamvera kaye okha, kenako anawakodola amayi amene anatilandira aja, mwana woyamba wa malemu, kuti bwerani muike khutu apa.

Anzanga, ine pamenepo misozi ndinalephera kuigwira. Amayi aja anawerama, chete kwa kanthawi, kenako tinangoona mapewa akunjenjemera. Atadzuka anati, "Ndiye ndi zimenezi amatisiyira usiku amama?" Zaka zonsezi anali asanamvepo, ndipo amene anamumva koyambayo ndi mdzukulu wawo yemwe.

Atakhala pansi anatiuza zomwe ife a kuntchito sitinkazidziwa. Akuti ali ana ankadandaula kwambiri, anzawo amagona amayi awo ali pompo pomwe iwo amatsala ndi achemwali awo a bambo, nthawi zina tsiku la Khirisimasi lomwe amama ali ku wodi. Bambo anamwalira ana asanu onse akadali pasukulu, fizi ndi zovala zonse zinatsalira munthu mmodzi. Koma akuti akaweruka ku naiti samafikira kugona ayi, amayamba achapa mayunifolomu a ana, masana ana akabwera amafuna aone makope mmodzimmodzi, kope lopanda deti limabwezedwa. Tinayang'anana tonse, poti ifenso faelo yopanda deti ndi nthawi ankatibwezera chimodzimodzi. Ine ndinkaona ngati kukhwimitsa kuja kunali kwa kuntchito kokha, kani anali choncho kulikonse, ndipo kunena zoona ndinachita manyazi kukumbukira masiku omwe ndinkawanyinyirika kumbali.

Mnyamata wamtali amene amatijambula zithunzi, mdzukulu wa malemu, nayenso ali ndi nkhani yake. Anabadwa masiku asanakwane, kochepa kwambiri moti anthu ena anataya mtima, koma agogo akewo, atapuma kale ntchito nthawi imeneyo, anali atamva za njira ya kangaroo yomwe inayambira ku Bogotá mdziko la Colombia mu 1978, yomuika mwana pachifuwa khungu kwa khungu kuti azifundidwa ndi thupi la munthu. Nde amasinthana ndi mayi wa mwanayo usana ndi usiku kwa masabata, agogo kugona chokhala atatsamira khoma kamwana kali pachifuwa. Iye anangoti, "Ine bedi langa loyamba linali agogo." Pano ndi bambo wa ana awiri.

Ifenso tinafotokoza mbali yathu kuti ana awo amve. Achemwali athu ena anakumbutsa za usiku womwe magetsi anazima mayi wina akutaya magazi atachira, mayi athu aja anagwira tochi ndi pakamwa manja akusisita chiberekero mpaka magazi anasiya, mmawa mwake osadzitama nkomwe, anangofunsa ngati mayiyo wayamwitsa. Ana awo nkhani imeneyi anali asanaimvepo, akuti za kuntchito samazikamba kunyumba.

Nthawi inatithera osazindikira, zithunzi zambiri za msutikesi sitinathe kuziona. Potsanzika amayi aja anafuna kutipatsa fetoscope ija kuti ikakhale kwa ife, koma tinakambirana nkuwapempha kuti aisunge, poti mdzukulu wawo wina wamkazi wayamba kumene sukulu ya unamwino ndi uzamba ndipo tinamuona mmene amaigwirira. Wotchi yokha ndi imene tinalandira, ili ndi amatron.

Tinafika kuno kutada koma tonse bwinobwino, zikomo adalaivala komanso nonse amene munasonkha ngakhale simunapite. Zithunzi nditumiza pa WhatsApp zikangondipeza. Mpongozi uja akuyembekezeka kuchira mu July, ndipo amayi alonjeza kuti adzatiimbira foni.