Zikomo pondibwezera pa mbaula

Loweruka lapitali ndinaphika chigumu ndekha, kuyambira kusenda nthochi mpaka kuphula, ndipo amayi a ku mphakati wathu kuno ku Bembeke anadya osasiya ndi nyenyeswa zomwe.

Ambiri mukudziwa kuti BP inandigwetsa nthawi yokumba kachewere, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo ndi mkono sizinachedwe kubwerera. Chinatsalira ndi mutu. Nyimbo zimene tinkaimba ku pulayimale ndimazikumbukira zonse, koma chimene ndachita mphindi 5 zapitazo chimandithawa. Tsiku lina ndinathira soda kawiri, chigumu n'kutuluka chowawa. Lina ndinaiwala poto pamoto mpaka utsi unadzadza m'khitchini. Ndinalira, chifukwa chigumu chomwechi n'chimene chinkandipezetsa fizi ya ana.

Mwana wanga, iwe ndiye woyamba kukuthokoza. Ena atati ndisamayandikirenso moto, iwe unabwera ndi kope n'kukhala nane pamkeka, ine ndikunena iwe ukulemba. Kaphikidwe aka sikanalembedwepo n'kale lomwe, kanali m'manja mwanga basi, monga anandiphunzitsira malemu mayi. Unalemba zilembo zikuluzikulu, mzere uliwonse chinthu chimodzi: makapu 3 a mgaiwa, nthochi 4 zakupsa kwambiri, theka la kapu ya shuga, kasupuni kamodzi ka soda, mchere wotsina ndi zala, kenako mkaka pang'onopang'ono mpaka zitafewa.

Koma kope lokha silikanandiuza ngati soda ndathira kale. Nzeru imeneyo inachokera kwa mdzukulu wanga wa Sitandade 7. Anati ndiziyeza zonse ndisanayambe, chilichonse m'kambale kake, n'kuziika kumanzere. Ndikathira, kambaleko ndikavundikire kumanja. Mutu ukasokonezeka sindifunsanso munthu, ndimangoyang'ana timbale. Ndi iyenso amene ananditcherera alamu pa foni yondikumbutsa kuvundukula poto, ndi ina ya m'mawa ya mankhwala a BP.

Bambo a kunyumba, zikomo. Munkakhala pakhomo la khitchini ndi kuzizira konse kwa Dedza kuja, maso ali pa makala a pamwamba pa chivundikiro, osandilanda mthiko. Ndikudziwa kuti nthawi zina mtima unkakuuzani kuti mungondichitira, koma munadziletsa, ndipo munachita bwino. Munthu woiwala akamulanda ntchito zonse amayamba kudziona ngati mlendo pakhomo pake.

Anamwino amene munandiuza kuti ndiziphika pali munthu pafupi, amayi a ku banki m'khonde amene munandidikira pa ngongole, ndi achemwali amene munkanditumizira nthochi kuchokera ku Lizulu, Mulungu akubwezereni.

Kuiwala sikunathe, ndipo dzina lanu likandithawa tikakumana pamsika musakhumudwe, ingondikumbutsani. Tsamba lachiwiri la kope lija tayamba kulembapo zitumbuwa.