Ndinasamukira ku America pa sitima yapamadzi

Nditalandira chilolezo chokakhala ku America, pafupifupi aliyense amene ndinamuuza kuti ndidzayenda panyanja anandifunsa chifukwa chimene ndinkafunira kutaya sabata yathunthu m'madzi, pamene ndege yochokera ku London imatera ku New York patangotha maola 8. Yankho limene ndinkapereka linali la katundu, ndipo linali loona, chifukwa pa sitima munthu amaloledwa kunyamula masutikesi ambiri kuposa pa ndege, malinga ngati angakwane m'chipinda chake. Koma chifukwa chenicheni chinali mumtima. Sindinafune kutsanzikana ndi anthu amene ndakhala nawo zaka zambiri m'mawa, kenako madzulo a tsiku lomwelo n'kupezeka ndili mlendo m'dziko lina misozi isanaume n'komwe.

Sitima zonyamula anthu pakati pa Ulaya ndi America zinatha pang'onopang'ono kuyambira mu 1958, chaka chimene ndege ya Boeing 707 inayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic. Lero yatsala imodzi yokha imene imayendabe ulendowu kawirikawiri, Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard, yomwe inayamba ntchito mu 2004 ndipo imatenga mausiku 7 kuchoka ku Southampton, ku England, kukafika ku New York. Ndinafufuzanso za sitima zonyamula makontena, zimene kale zinkatenga anthu osapitirira 12 pa ulendo umodzi, koma zambiri zinasiya kutero pa nthawi ya mliri wa Covid-19 mu 2020. Palinso sitima zoyendetsa alendo okaona malo, zimene zimawoloka nyanjayi nyengo ikamasintha, koma masiku ake sanagwirizane ndi anga. Choncho ndinakwera Queen Mary 2.

Masiku awiri oyambirira sanali okoma. Titangotuluka mu English Channel, nyanja yopapatiza ya pakati pa England ndi France, mafunde anakula, nseru inandigwira, ndipo ndinagona chagada n'kumamvetsera zitseko za kabati zikugogoda zokha. Tsiku lachitatu thupi linazolowera, ndipo m'pamene ndinayamba kuona chimene ndinabwerera.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya wotchi. Nthawi ya ku England ili patsogolo pa ya ku New York ndi maola 5, choncho pa mausiku asanu a ulendowu wotchi imabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, tsiku n'kukhala la maola 25. Usiku uliwonse wotero ndinkakhala pabedi, kuvula wotchi yapamkono, n'kupotoza kamutu kake pang'onopang'ono mpaka muvi utabwerera ola lathunthu. Pochita zimenezi ndinkamva m'zala zanga kuti ndikutalikirana ndi amene ndawasiya, ola limodzi lero, lina mawa, osati mwadzidzidzi ngati chingwe choduka. Ola loonjezeralo ndinkaligwiritsa ntchito polemba makalata, ndipo ena mwa makalatawo anali opita kwa anthu amene ndinalephera kuwatsanzika bwino. M'mawa ndinkazungulira pabwalo lakunja la sitimayo, kumene mphepo yozizira imalasa m'makutu ndipo maso saona chilichonse koma madzi otuwa kumbali zonse. Kumeneko ndinakumana ndi banja lina limene linkasamuka ngati ine, ndipo iwo anasankha njirayi chifukwa cha galu wawo wokalamba, popeza sitimayi ili ndi makola a agalu ndi amphaka.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nyanja sichepetsa malamulo. Pasipoti ndi viza zimafunika chimodzimodzi monga pabwalo la ndege, ndipo amaziona munthu asanakwere. Ulendo wanga sufanana ngakhale pang'ono ndi wa anthu amene amapanikizana m'timabwato pa nyanja ya Mediterranean chifukwa chosowa njira ina, monga anthu oposa 360 amene anamira pafupi ndi chilumba cha Lampedusa ku Italy mu Okutobala 2013. Ndinkawakumbukira usiku ndikayang'ana madzi akuda bii pansi pa zenera, ndipo ndinkadziwa kuti ine ndinali ndi mwayi wosankha.

Tsiku lomaliza ndinadzuka kusanache n'kukwera pamwamba pamodzi ndi anthu ambiri amene anadzifunditsa mabulangete. Sitima inadutsa pansi pa mlatho wa Verrazzano-Narrows, womwe uli polowera kudoko la New York, chumuni chake chikuoneka ngati chikhudza zitsulo za mlathowo, ndipo posakhalitsa kumanzere kunaonekera chipilala cha Statue of Liberty. Chapafupi pake panali chilumba cha Ellis Island, pamene anthu oposa 12 miliyoni analowera m'dzikoli pakati pa 1892 ndi 1954, atawoloka madzi omwewa m'zipinda zothinana za pansi pa sitima. Tinakocheza ku Brooklyn, dera la mzinda wa New York, dzuwa litangotuluka. Wogwira ntchito yoona za anthu olowa m'dziko anatsegula pasipoti yanga, kundifunsa adiresi ya kumene ndikakhale, n'kudinda chidindo. Nditatuluka panja ndi masutikesi anga asanu ndi limodzi, nthaka inkaoneka ngati ikuyendabe pansi pa mapazi anga, ndipo inapitiriza kutero mpaka tsiku lotsatira.