Kope lobiriwira la amayi

Loweruka, 27 September 2025

Ndinadzuka 5 koloko popanda wondidzutsa. Ndi nthawi imene amayi ankatuluka, nsapato zili m'manja kuti asatisokoneze tulo, n'kukavalira pakhonde. Lero patha chaka chimwalirireni iwo. Ndi tsikunso limene dziko lonse limakumbukira ntchito zokopa alendo, mwambo umene unayamba mu 1980, ndipo pa tsiku ngati limeneli amayi sitinkawaona mpaka usiku. Zangochitika choncho, sindikufuna kuikapo tanthauzo.

Achemwali anafika cha m'ma 9 kuti titsegule makatoni amene anabwera kuchokera ku ofesi ya amayi. Chaka chonse akhala pansi pa bedi, aliyense akuopa kuwayamba. Munali mabaji a dzina lawo, asanu. Yakale kwambiri ndi ya nthawi imene ankayala mabedi ali mtsikana. Ina ya pa resepishoni, ina ya woyang'anira zipinda, mpaka yomaliza, ya mkulu woyang'anira mahotela a kampani yawo. Tinawandandika patebulo kenaka tinangokhala duu.

Pansi pake panali kope lobiriwira lija ankayenda nalo paliponse.

Ndinene zoona: kope limeneli ndinkadana nalo ndili mwana. Ukayamba kuwafotokozera za kusukulu, foni yalira, kope latsegulidwa, nkhani yako yathera pomwepo. Khirisimasi ena akusangalala ndi amayi awo, athu ali kuntchito chifukwa ndi nthawi imene hotela imadzaza. Ndinawafunsapo tsiku lina kuti alendowo ndi ana awo kapena. Sanakwiye. Anandiuza kuti chipinda cha hotela si katundu wa pa shelefu woti ukapanda kugulitsa lero ugulitsa mawa. Chikagona chopanda munthu usiku uno, ndalama ya usiku umenewo yapita, ndipo malipiro a anthu oyala mabedi ndi ochapa amachokera momwemo. Ndinali ndi zaka 11, yankho limenelo silinanditonthoze ngakhale pang'ono.

Masana kunabwera bambo wina wachikulire amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri pa shifiti ya usiku, yotseka mabuku a ndalama za tsiku alendo atagona. Anakana kukhala pa mpando wa amayi. Ataona kope lija anapempha kuti titsegule masamba a 2020.

Chaka chimenecho aliyense akuchidziwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 March kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, ndege zinaima, ndipo chiwerengero cha alendo oyenda m'maiko ena chinatsika ndi oposa 70 pa 100 alionse. M'kopemo manambala a zipinda zogonamo anthu akungocheperachepera mpaka tsamba lina palembedwa ziro, atamuzunguliza kawiri. Masamba otsatira ndi maina a antchito, aliyense ndi chiwerengero cha ana ake pambali. Ankaona kuti ayambe kupumitsa ndani, asunge ndani.

"Mwananga, mayi ako anandionetsa zinthu," anatero bambo aja. Akuti sabata iliyonse ankazungulira awiriwiri m'zipinda zopanda anthu, kutsegula mipope ndi mashawa, kugejemula zimbudzi. Iwo ankaona ngati n'kuwononga madzi, mpaka amayi anawafotokozera kuti madzi akakhalitsa m'mapaipi mumaswana tizilombo totchedwa Legionella, timene timayambitsa chibayo choopsa munthu akapuma nthunzi yake. Matendawa anadziwika mu 1976 atagwira anthu amene anali pa msonkhano mu hotela ina ku Philadelphia. "Ndinati bwana, tikukonzera ndani poti kulibe mlendo? Iwo amvekere, abwera, ndipo asadzapeze kuti tinagona."

Apa achemwali anatuluka panja. Ine ndinapitiriza kutembenuza masamba, osafuna china chilichonse, kungoona kalembedwe kawo kopendekera kumanzere kaja.

Bambo aja atapita ndinatenga makope akale a m'katoni yachiwiri. Sindinkadziwa kuti ankawasunga onse. Mu limodzi, pakati pa nkhani ya mataulo osowa ndi ya mlendo wodandaula za phokoso, ndinapeza dzina langa: "Lachinayi, sewero la kusukulu, 3 koloko. Osalephera." Tsiku limenelo ndimalikumbukira bwino. Ndinayang'ana pakhomo la holo mpaka sewero kutha, sanabwere. M'munsi mwake, ndi bolopeni ina, analemba kuti: "Ndalephera. Wakana kundilankhula. Akulondola."

Sanandiuzepo zimenezi. Chimene ndimakumbukira n'choti usiku umenewo anakhala m'mphepete mwa bedi langa, akadali mu yunifolomu, ine ndikunamizira kugona, ndipo anandifunditsa bwinobwino, kupinda bulangete kumiyendo ngati mmene amachitira kuhotela.

Madzulo tagawana. Achemwali atenga mabaji, ine makope. Potuluka, achemwali anaima pakhomo la chipinda changa, kukweza dzanja n'kupititsa chala pamwamba pa chitseko, mmene amayi ankachitira akalowa m'chipinda chilichonse. Chala chinabwera chakuda bii. Tinaseka mpaka misozi, kenaka ndinapita kukatenga kansanza.